Masewera a Chingerezi mu Sitandade 5: momwe ntchito ikuyendera

Seputembala, sabata yotsegulira sukulu

Tagwirizana ndi ahedi kuti chaka chino ndiyese kuphunzitsa mbali ina ya Chingerezi kudzera m'masewera, ndipo andipempha kuti ndizilemba momwe zikuyendera kuti anzathu a m'zoni muno adzaone ngati muli nzeru yoti n'kutola. Sukulu yathu ndi yakumudzi, m'boma la Dedza, cha kumalire ndi Mozambique. Kalasi yanga ndi Sitandade 5. M'kaundula muli ana opitirira 100, ngakhale sipakhala tsiku loti onse abwere.

Sitandade 5 ndi pomwe zinthu zimamuthina mwana. Kuyambira mu 1968 ana a m'dziko muno akhala akuphunzira m'Chichewa Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi chili phunziro chabe. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 kunalengezedwa kuti chiziyambira Sitandade 1, koma amene anaimapo pamaso pa tiana takumudzi ta zaka 6 akudziwa chiyankhulo chomwe chimamveka m'makalasi aang'onowo. Mwana akafika kuno amapeza buku la Sayansi, la Ulimi ndi la Masamu onse ali m'Chingerezi, ndipo kutsogoloku akumudikira mayeso omaliza pulayimale a PSLCE, a mu Sitandade 8, omwe bungwe la mayeso la MANEB limafunsa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Akadzafika Fomu 4, satifiketi ya MSCE saiona ngati walephera Chingerezi, kaya Masamu wakhoza chotani.

Kuwerenga sikuli koipa kwenikweni. Pulogalamu ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016, yathandiza ndithu, moti ambiri amaphatikiza malembo n'kutchula zomwe zili pa bolodi. Vuto lili pakamwa ndi m'khutu. Kalasi yonse imadziwa kuimba "Good morning madam, we are fine thank you, and how are you madam?" koma kumuitana mmodzi n'kumufunsa "What did you eat yesterday?" amangoyang'ana zala zakumapazi. Ndikafunsa ngati amva, onse pamodzi, "Yes madam!" Ndikafunsa ngati ng'ombe imauluka, bola ndikweze mawu kumapeto, "Yes madam!"

Sabata ino ndakhala ndikuima pakhomo ndi kaundula, mwana aliyense polowa ndimufunse funso limodzi lapafupi. Woyankha chiganizo chathunthu ali ndi chizindikiro chake, wa liwu limodzi chake, wongoti duu chakenso. A duu ndiwo achuluka kutalitali. Ndizichita zimenezi kumapeto kwa teremu iliyonse.

Zomwe tapangana ndi ahedi ndi izi: sikimu (ndondomeko ya zophunzitsa pa teremu) sindiisiya, masewera azitenga mawu ndi ziganizo za m'buku la Sitandade 5 lomwelo, pa piriyodi ya mphindi 35 masewera asapitirire mphindi 10, kupatula Lachisanu pomwe tizituluka panja piriyodi yonse, ndalama palibe, ndiye zipangizo ndi za TALULAR (kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi) zomwe tinaphunzira ku koleji, makatoni, zitsekerero za mabotolo, makala, miyala.

Seputembala, kumapeto

Tayamba ndi "Simon says", poti ndi masewera omwe amapezeka pafupifupi m'buku lililonse la aphunzitsi a Chingerezi. Maziko ake ndi omwe James Asher wa ku America anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1960, kuti mwana ayambe kumva chiyankhulo ndi thupi, azichita zomwe wauzidwa asanakakamizidwe kuyankhula. Funso loyamba kwa ana linali loti Simoni ameneyu ndi uti, Petro kapena wa ku Kurene. Tamuchotsa, pano ndi "The chief says". Mfumu aliyense amaidziwa, ndipo amadziwanso kuti lamulo losachokera kwa mfumu salitsata.

Lamulo loti wolakwa atuluke silikutithandiza. Oyamba kutuluka ndi omwe Chingerezi chawavuta, amakakhala pansi pa mtengo n'kumacheza m'Chichewa, m'bwalo n'kutsala omwe amadziwa kale. Masewera akamatha wophunzira kwambiri ndi amene safuna thandizo. Tasintha: wolakwa amabwera kutsogolo, amakhala mfumu n'kupereka lamulo lotsatira. Ena ayamba kulakwa dala kuti akhale mfumu, ine sindikuletsa, nanga si akuyankhula.

Chinanso, ana akumbuyo samvera ine, amaonera akutsogolo. Ndikawatembenuza kuti apenye kukhoma ndiye pamaoneka amene wamvadi "touch your left ear".

Okutobala

Mwezi uno ndaona chinthu chomwe chasintha kaganizidwe kanga pa ntchito yonseyi. Masewera achilendo amadya nthawi pofotokoza malamulo. Ukafotokoza m'Chingerezi samva, ukafotokoza m'Chichewa mphindi 10 zija zathera m'Chichewa. Mwana amasenza akatundu awiri, kuphunzira masewera ndi kuphunzira chiyankhulo. Pomwe pa buleki ana omwewa amasewera fulaye, chipako, phada ndi chingwe popanda mphunzitsi, malamulo onse ali m'mutu, woweruza amasankhana okha. Ndiye ndatenga fulaye.

Kasewedwe kake sitinasinthe. Awiri amaima uku ndi uku ndi mpira wachikulunga, wapakati amazinda, mpira ukapita kutali iye amathira mchenga m'botolo, likadzadza gulu lake lapambana. Chomwe taonjezera n'chimodzi: asanathire mchenga, woweruza amafuula mneni, wapakati ayankhe momwe mneniyo amakhalira pokamba zakale. "Go!" "Went!" "Eat!" "Ate!" "Buy!" "Bought!" Akalephera mchenga wa m'manjawo autaye.

Poyamba zinaoneka ngati zakanika, chifukwa munthu wozinda mpira mutu wake suli pa aneni. Koma anzake a m'gulu, omwe amadikira pambali, anayamba kumufuulira mayankho. Ndinafuna kuletsa, kenako ndinawerenga milomo yomwe ikutseguka: gulu lonse likukuwa "brought! brought!" mobwerezabwereza, mosatumidwa. Kubwereza komwe m'kalasi ndimachita kukakamiza ndi kandodo koloza pa bolodi, kuno akuchita okha mpaka mawu kusasa. Ndalola. Sabata yotsatira ndinakweza mtengo, liwu limodzi silikwanira, anene "Yesterday I went" kapena "Last week we bought". Gulu lililonse pano limapempha mndandanda wa aneni Lachinayi kuti likakonzekere, ena amakopera pa chikuto cha kope la Masamu.

Ndamvanso "goed" ndi "eated". Mphunzitsi mnzanga wa Sitandade 6 anaseka, koma ine zandisangalatsa. Palibe anawaphunzitsa "goed". Mwana amene wanena zimenezo wagwira lamulo la "-ed" n'kuligwiritsa ntchito yekha, zomwe ngakhale ana a ku England amachita akamaphunzira kuyankhula. Woloweza chabe sangalakwe choncho. Chomwe chikufunika kukonza ndi katchulidwe: mawu a Chichewa amathera ndi lembo laliwu, ndiye "walked" akutuluka "wokedi", "cooked" akutuluka "kukedi". M'fulaye sindiimitsa masewera chifukwa cha zimenezi. Ndimalemba pa kapepala, Lolemba tikonze m'kalasi.

Anyamata akuluakulu anakana, ati fulaye ndi ya atsikana. Iwo ndawapatsa mapenate: asanamenye mpira ayankhe kaye funso la goloboyi. Sabata ziwiri zisanathe ena anali atalowa kale fulaye, poti kumeneko n'komwe kuli phokoso.

Dzuwa la mwezi uno silikulola kukhala panja nthawi yakumasana. Adepute atisinthira piriyodi ya Lachisanu kukhala yoyamba m'mawa.

Okutobala, sabata yomaliza

Tayesa bawo. Ndimaganiza zoti mwana aziwerenga njere m'Chingerezi pofesa, ndipo akadya za mnzake anene chiganizo. Zakanika. Bawo ndi masewera a chete, osewera amawerengera mumtima, Chingerezi chimangowasokoneza ndipo wopambana amapambana popanda icho. Taisiya.

Novembala, kumayambiriro

Nkhani ya "l" ndi "r". M'Chichewa malembo awiriwa ndi liwu limodzi, kusiyana kwake ndi kwa kalembedwe: "r" timalemba pambuyo pa "e" ndi "i", kwina konse "l". Palibe mawu awiri a Chichewa omwe amasiyana tanthauzo chifukwa cha malembo amenewa, ndiye khutu la mwana linaphunzira kalekale kusalabadira. M'Chingerezi "play" ndi "pray", "light" ndi "right", "long" ndi "wrong", "glass" ndi "grass", "lice" ndi "rice" ndi zinthu zosiyana. Asanatchule bwino ayenera kumva kaye.

Pabwalo pali mitengo iwiri ya mango. Pa wina ndapachika katoni ya "L", pa wina ya "R". Ndikatchula liwu athamangire ku mtengo woyenera. Fumbi linabuka, ana anasangalala, koma palibe chomwe ndinadziwapo: khamu lonse limatsata kamtsikana kena komwe kanakhalapo kwa azakhali ake ku Lilongwe. Kakathamangira kumanja onse kumanja. Tabwerera m'kalasi. Aliyense ali ndi zitsekerero ziwiri za mabotolo, china cholembedwa "l" china "r" m'kati. Ndikatchula liwu amafumbata chimodzi, ndikaomba m'manja onse amafumbatula nthawi imodzi, mnzake wapambali ndiye amaona. Si zosangalatsa ngati kuthamanga koma zoonera zatha. Wokhoza amatenga kamwala, wa timiyala tambiri pa desiki iliyonse (kapena pa mzere, kwa okhala pansi) amakhala wotchula mawu ulendo wotsatira. Apo ndiye pamakhala phwete, chifukwa wotchula akanena "rice" anzake n'kufumbatula "l", amakangana kuti walakwa ndani.

Tinene zoona, ambiri mwa ife aphunzitsi tinakula ndi khutu lomweli, ndipo pa asembule "let us play" imamveka ndithu. Ndapempha mnzanga amene ali ndi dikishonale yoyankhula m'foni kuti tizimvera limodzi mawu a sabata imeneyo tisanalowe m'kalasi. Cholinga changa si choti ana a ku Dedza aziyankhula ngati owerenga nkhani pa BBC. Chingerezi cha ku Malawi chili ndi kamvekedwe kake ndipo palibe chochititsa manyazi. Ndikulimbana ndi malo okhawo omwe tanthauzo limasintha.

Palinso "ph" ndi "th". Mwana amene anaphunzira bwino kuwerenga "phala" ndi "thumba" amawerenga "phone" ndi "think" chimodzimodzi, ndipo sanalakwe, watsata zomwe tinamuphunzitsa ku Sitandade 1. Zimenezi zikukonzeka msanga akangouzidwa. Za malembo aliwu, "ship" ndi "sheep", "full" ndi "fool", "hat" ndi "hut", ndazisiya kaye. Chichewa chili ndi malembo aliwu asanu okha, Chingerezi chili ndi maliwu opitirira khumi, imeneyo ndi ntchito ya chaka china.

Novembala, pakati

Kwabwera dandaulo. Mnzanga wa kalasi yoyandikana nafe wati phokoso likumusokoneza, ndipo akunena zoona, khoma lotisiyanitsa silifika kudenga. Masewera onse okuwa tawasamutsira Lachisanu panja.

Dandaulo lalikulu lachokera kwa makolo, kudzera ku komiti ya sukulu. Pa msonkhano bambo wina wachikulire anaimirira nati, "Aphunzitsi, ife timadzutsa ana m'mamawa, kuwachotsa ku dimba, kuti adzaphunzire. Fulaye kumudzi iliko. Ndatsegula kope la mdzukulu wanga, Lachisanu lililonse mulibe kanthu. Kodi mayeso adzafunsa fulaye?"

Ndinati, "Bambo, mwafunsa bwino. Mdzukulu wanuyo tamuitaneni, mumufunse nokha." Mwanayo atabwera ndinapempha wapampando wa komiti, amene anafika Fomu 2, kuti amutchulire aneni. Anayankha onse kupatula "teach". Bambo aja anagwedeza mutu, koma sanagonje: "Pakamwa zilipo, ndamva. Koma mayeso ndi a pensulo."

Pamenepo sindikanatsutsa. PSLCE ilibe gawo loyankhula. Tagwirizana kuti masewera aliwonse azithera m'kope: mphindi zomaliza mwana alembe ziganizo zisanu zomwe zinamveka pamasewerapo, ine ndichonge. Ntchito yochonga yandichulukira, makope opitirira 80 madzulo a Lachisanu, koma kholo likatsegula kope likupezamo choloza. Amayi a mother group atenga mbali yathu, alonjeza kutisonkhanitsira makatoni kwa a magolosale.

Novembala, kumapeto

Msika. Awa ndi masanje omwe ana amawadziwa kuyambira ali aang'ono, ife tangowalowetsa m'Chingerezi. Kalasi ndaigawa m'magulu, gulu lililonse lili ndi benchi lake: miyala ndi kachewere, masamba a mango ndi usipa, zitsekerero ndi tomato, mchenga wa m'timapepala ndi mchere. Ndalama tadula mapepala a makope akale, K100, K200, K500, K1,000. Wogula ali ndi kakhadi ka zinthu zomwe amayi amutuma, wogulitsa ali ndi mitengo yake yomwe wogula sakuidziwa. Chinsinsi chili pamenepo. Mafunso ambiri a m'kalasi ndi abodza, mphunzitsi amafunsa "What is this?" atanyamula choko chomwe aliyense akuchiona. Pamsika mwana amafunsa "How much is this heap?" chifukwa sakudziwadi, ndipo akapanda kumva yankho amuba chenji.

Mnyamata wina wamkulu, amene wabwereza kalasi ino ndipo m'kalasi satsegula pakamwa, pamsika ndiye katswiri. Masiku a msika amathandiza amalume ake kugulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1, ndiye kuwerengera chenji ndi kunenerera akudziwa kuposa ine. Anabwera yekha kudzafunsa, "Madamu, kuti 'malizani pamenepo' m'Chingerezi amati chiyani?" Chiyambire chaka chino aka n'koyamba mwana kundipempha chiganizo. Pano pa bolodi pali ngodya yomwe timalembapo ziganizo zopemphedwa, ndipo n'zomwe sakuiwala. Tili ndi wina amene anayamba sukulu ku Angónia, mbali ya Mozambique, komwe amaphunzira m'Chipwitikizi. Zikathina amawerenga "um, dois, três", anzake n'kumuuza kuti kuno ma metical sitilandira. Iyeyu manyazi olakwitsa alibe, mwina poti chiyankhulo cha kusukulu chinali chachilendo kwa iye kuyambira kale.

Vuto lomwe laoneka: masewera akakoma Chingerezi chimathawa. Mkangano wa chenji ukabuka onse ali m'Chichewa. Mnzanga wina wandilangiza njira yakale ija, yoti wopezeka akuyankhula Chichewa avale chikwangwani m'khosi mpaka atapeza mnzake womupatsira, wotsala nacho pomaliza alandire chibalo. Ndakana. Ambiri a ife tinadutsamo, ndipo chomwe tinaphunzira ndi kukhala chete ndi kusakasaka anzathu olakwa. Chichewa si mlandu. M'malo mwake taika woyang'anira msika pa gulu lililonse: malonda opangidwa m'Chichewa sawerengedwa, katundu abwerere pa benchi. Wofuna kupambana amadzikakamiza yekha. Kukangana m'Chichewa ndikukulola, bola kugula ndi kugulitsa kukhale m'Chingerezi.

Disembala, kutsekera teremu yoyamba

Pa mayeso olemba a teremu palibe kusintha koti n'kudzitama nako. Gawo la aneni okamba zakale akhoza bwino kuposa ana a chaka chatha, koma kuwerenga ndime n'kuyankha mafunso kuli pomwe kunali. Pakhomo paja a duu achepa, ambiri asamukira ku liwu limodzi, a chiganizo chathunthu awonjezekera pang'ono. Sindinganene kuti zonse ndi chifukwa cha masewera, teremu yathunthu yapita ndipo mwana amakula. Ahedi ati tipitirize.

Januwale

Tatsegulira n'kupeza chiswe chadya makhadi omwe tinasiya m'katoni pansi pa kabati. Apulumuka ndi a zitsekerero okha. Ana alembanso okha, gulu lililonse ake, zomwe zasanduka phunziro la kalembedwe ka mawu mosakonzekera. Pano tikusunga m'thumba la feteleza lopachika ku mtanda wa denga.

Mvula yatitsekera m'kalasi, ndipo ikamagwa pa malata palibe amamva mnzake. Ana ajombanso kwambiri, ena ali kopalira ndi kubandira, ena ku maganyu ndi makolo, ena malungo, ena mtsinje wadzadza. Magulu omwe tinapanga teremu yatha aphwasuka, lero gulu lili ndi anthu asanu ndi atatu mawa atatu. Ndasiya magulu okhazikika, tsiku lililonse timagawana ndi omwe abwera. Masewera ofuna kuthamanga ndawachepetsa ngakhale kutacha bwino, chifukwa ambiri akubwera osadya ndipo mphamvu zimaoneka akamwa phala basi. Piriyodi yathu ndaipempha ikhale pambuyo pa phala.

Masewera a mwezi uno ndi bingo. Mwana amajambula timabokosi 9 m'kope, amasankha yekha mawu 9 pa mawu omwe ali pa bolodi. Ine sinditchula liwulo, ndimalifotokoza: "We use it to dig", iye afune "hoe". Buku lina limati ana aziphimba mabokosi ndi njere za chimanga kapena nyemba. Wolembayo sanakhalepo kumudzi mu Januwale. Tikugwiritsa ntchito timiyala.

Febuluwale

Ndagi. Mwambo wake sitinausinthe, woponya amati "Ndagi!" kalasi n'kuti "Gize!" koma chotsatira chikhale m'Chingerezi. Woyamba anali wa nyumba ya amayi yopanda khomo: "My mother's house has no door." Onse amadziwa kuti ndi dzira, ntchito inali kupeza "egg" ndi kunena "It is an egg". Wina anatikumbutsa kuti zoterezi sanena masana, anzake anamuyankha kuti lamulolo ndi la Chichewa, za Chingerezi silikuzikhudza. Ndawatuma kuti akafunse agogo awo ndagi zina, ndipo abwera nazo zambiri, zina zoti ine sindinazimvepo. Kumasulira amachita m'magulu. Apa Chichewa chikugwira ntchito poyera ndipo ndikuona kuti chikuthandiza, chifukwa mwana akuyamba ndi chinthu chomwe ali nacho, n'kumafunafuna Chingerezi choti achinyamulire. Bambo aja a ku msonkhano atumiza ndagi ziwiri kudzera kwa mdzukulu wawo.

Kuchokera pa ndagi talowa masewera a "Who is it?" Mmodzi amaganiza za munthu wa m'kalasi, ena amafunsa mafunso oyankhidwa ndi "yes" kapena "no". Ndinawasankha chifukwa cha "he" ndi "she". M'Chichewa "iye" ndi "a-" sizisankha mwamuna kapena mkazi, ndiye "my mother, he is cooking" imatuluka ngakhale kwa ana anzeru. Ndakhala ndikufotokoza zaka zonsezi osaphula kanthu. Pamasewerawa woyankha akanena "he" pomwe akuganiza za mtsikana, gulu lonse limasochera n'kuluza, ndipo amamukalipira okha. Sabata ziwiri zachita zomwe choko chinalephera.

Patulukanso china chomwe sindinachikonzekere. Mwana anafunsa, "She is not tall?" mnzake nati "Yes", kutanthauza kuti inde, si wamtali, monga timayankhira m'Chichewa: "Sunadye?" "Eya, sindinadye." M'Chingerezi yankho limatsata chochitikacho, "No, she isn't." Mkangano unali waukulu ndipo onse awiri anali ndi mfundo. Pakali pano lamulo ndi loti "yes" kapena "no" payekha saloledwa, amalize: "Yes, she is", "No, she isn't." Ndikukayika ngati zakhazikika. Akuluakulu ambiri ophunzira bwino amayankhabe mwa Chichewa pamenepa.

Malichi

A PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni muno, anabwera kudzayendera sukulu ndipo anakhala nawo pa msika wathu. Anagula usipa wa masamba a mango, anapatsidwa chenji choperewera, anabweza. Pokambirana pambuyo pake anafunsa funso lomwe landikhala m'mutu: "Madamu, ndaona amene akuyankhula. Nanga amene sakuyankhula mukuwadziwa mayina?" Ndinatsegula kaundula. Alipo ana angapo, ambiri atsikana akuluakulu okhala kumbuyo, omwe chizindikiro chawo sichinasinthe kuyambira Seputembala. M'fulaye amakhala oponya mpira, pamsika amakhala osunga ndalama, pa ndagi amalemba. Apeza malo obisala m'masewera aliwonse, ndipo phokoso la anzawo limawaphimba bwino kuposa chete wa m'kalasi. Mpikisano womwe ukukoka ena ukuwathamangitsa iwowa, chifukwa wolakwitsa gulu amakuwizidwa.

Kwa iwowa ndayamba za awiriawiri, zopanda wopambana. Amakhala motsamirana misana, wina ali ndi chithunzi chophweka, nyumba, mtengo, mbuzi, amafotokozera mnzake kuti ajambule: "The goat is under the tree", "There are two windows". Pomaliza amafanizira zithunzi n'kuseka okha. Palibe khamu lowamvera. Atatu ayamba kutulutsa mawu. Mmodzi ndazindikira kuti samva bwino khutu limodzi, nthawi yonseyi ndimayesa manyazi. Ndamusamutsira kutsogolo, ndipo ahedi alembera makolo ake kuti apite naye kuchipatala.

Mnzanga wophunzitsa Sayansi wabwereka bingo pa mutu wa ziwalo za chomera, "root", "stem", "leaf", "flower", ndipo wati anawo anagwira msanga. Izi ndi zomwe ndimafuna kuyambira pachiyambi, chifukwa Chingerezi cha m'buku la Chingerezi ndi chopepuka poyerekeza ndi chomwe chili m'mabuku a Sayansi ndi Social. A PEA apempha kuti teremu ya mawa tikaonetse fulaye ndi msika ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a m'zoni. Ndavomera, koma ndati ndikanenanso za bawo ndi za mitengo ya mango, anzathu asadzataye nthawi pomwe tinataya ife.

Kutsekera teremu yachiwiri

Pakhomo, a liwu limodzi ambiri afika pa chiganizo, ngakhale chopindika. "Yesterday I am went to garden" ndikuiwerengera ngati chiganizo, chifukwa ndamva zomwe mwanayo akunena. Pa mayeso olemba, kupeka ziganizo kwakwera, kuyankha mafunso a ndime kukadali kotsika. Masewera athu onse ndi a mawu ndi ziganizo zazifupi, palibe omwe amamufikitsa mwana powerenga ndime yathunthu. Teremu ya mawa ndikufuna kuyesa kudula nkhani ya m'buku m'zidutswa, gulu lililonse lisanje m'ndondomeko yake, kenako chidutswa chimodzi ndizichibisa panja kuti wothamanga akawerenge n'kudzauza wolemba. Zikufuna mapepala ambiri kuposa omwe tili nawo, ndiye ndapempha ofesi itisungire mapepala a mayeso akale omwe kumbuyo kwake n'kosalemba.

Zina zotsala: "borrow" ndi "lend", poti "borrow me your pen" yamera mizu ndipo ndikuganiza zoilowetsa pamsika ngati ngongole, kupeza nthawi Sitandade 8 ikamalemba mayeso, chifukwa chipinda chathu chimatengedwa ndipo ife timakhala pansi pa mtengo m'chisanu cha kuno, ndi kukambirana ndi aphunzitsi a Sitandade 4 kuti ayambe "The chief says" ndi zitsekerero za "l" ndi "r" teremu yachitatu, ana asanafike kwa ine. Iwo ati alola ngati ndiwapatse zitsekerero zolembalemba kale. Kalasi yawo ndi yaikulu kuposa yanga, ndiye ana anga ndawatuma kuti pa holide aliyense atole zitsekerero zinayi.